Mwana Akatsiriza Fomu 4: Alowere ku Yunivesite Kapena ku Ntchito Zamanja?

Chaka chilichonse, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'midzi ya ku Malingunde, ku Mitundu ndi ku Nathenje mumabuka nkhani imodzimodzi. Makolo amene mwana wawo wakhoza amayamba kuwerenga mbuzi za m'khola ndi matumba a soya ndi mtedza amene atsala m'nyumba, kenaka amanyamuka kupita kwa aphunzitsi ndi funso lakuti: "Kodi mwanayu apita ku koleji?" Aphunzitsi akayankha kuti mapointi a mwanayo achuluka, ndipo kuti mwina ayesere kusukulu ya ntchito zamanja, nkhope za makolowo zimagwa ngati kuti alandira uthenga wa maliro. Ena amabwerera kwawo atatsimikiza mtima kuti mwanayo abwereze kalasi, kawiri kapena katatu, kufikira mbuzi zonse zitatha m'khola. Ena amangomusiya pakhomo, ndipo pakapita miyezi ingapo timamuona ali pa siteji akudikira anthu oti awanyamule pa kabaza.

Nkhani imeneyi tiyenera kuikamba mosapsatira mawu, makamaka kwa inu aphunzitsi ndi inu akuluakulu ogwira ntchito m'Boma, pakuti mawu anu ndiwo amene kholo la kumudzi limawatenga ngati lamulo. Tiyambe ndi chiwerengero. M'chaka cha 2023 ana opitirira 150,000 analemba mayeso a MSCE m'dziko muno, ndipo opitirira 80,000 anakhoza. Mayunivesite a Boma alipo 6: University of Malawi ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, Mzuzu University kumpoto, ndi LUANAR imene likulu lake lili pa Bunda, pafupi ndi Mitundu pomwepa. Onsewa pamodzi sanatenge ana okwana 10,000 pa chisankho cha chaka chimenecho, ndipo malo ochepawo ankalimbirananso ndi ana amene analemba mayeso zaka zam'mbuyo. Motero mphunzitsi amene amaimirira kutsogolo kwa kalasi la ana 60 ndi kuwauza kuti njira ya munthu wanzeru ndi yunivesite yokha, ayenera kudziwa kuti ambiri mwa ana amene akumumverawo akuwalozera khomo limene sadzalowapo.

Kunyoza ntchito zamanja kumeneku sikunagwe kuchokera kumwamba, ndipo si bwino kumangodzudzula makolo popanda kufunsa kumene kunachokera. Sukulu zoyamba za m'dziko muno zinayamba ndi nyundo ndi sowo pamodzi ndi buku. Dr. Robert Laws atatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe m'chaka cha 1894, anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga, kusema miyala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga pa waya, ndipo amisiri ochokera kumeneko anafunidwa mpaka ku migodi ya ku Northern Rhodesia ndi ku Congo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene alendo amachijambulabe mpaka lero, chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi anthu a m'dziko lino amene anaphunzira kuumba ndi kuyala njerwa ali pa ntchito pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott. Kuno kuchigawo chapakati, amishoni a Dutch Reformed Church amene anakhazikika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Malingunde mu 1907 anaika mtima kwambiri pa ulimi ndi ntchito za m'mudzi monga kuumba njerwa, kupala matabwa, kuluka ndi kusoka nsapato.

Koma makolo athu anaona chinthu china. Anaona kuti mnyamata amene wadziwa Chingerezi nakhala kalaliki kwa bwanamkubwa amavala nsapato, amalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo sapsa ndi dzuwa. Anaonanso kuti azungu ambiri amene ankayamikira maphunziro a zamanja kwa munthu wakuda, monga nthumwi za Phelps-Stokes zimene zinayendera dziko lino mu 1924, ana awo eni ake ankawatumiza kumasukulu apamwamba kwawo. N'chifukwa chake mabungwe a anthu akuda a nthawi imeneyo, amene anali ndi atsogoleri onga Levi Mumba, analimbikira kupempha sukulu za sekondale, zimene zinadzayamba mochedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Makolo amenewo sanalakwe. Munthu akamakuumiriza khasu ndi sowo namakumana buku, uyenera kumukayikira. Chimene chatsalira ndi chakuti mantha a nthawi ya atsamunda tikuyendabe nawo pamene zinthu zinasintha kalekale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha. Munthu wotuluka ndi digiri m'zaka zimenezo ankapeza ntchito ikumudikira, nthawi zina ndi nyumba yomwe, chifukwa mipando imene azungu ankasiya inali yambiri kuposa anthu oti akhalepo. Agogo ambiri a ku Mitundu amakumbukira mnyamata wakutiwakuti amene anapita ku Bunda nabwerako ali bwana woyenda pa galimoto la Boma, ndipo chithunzi chimenecho ndicho ali nacho m'mutu akamanena za mdzukulu wawo. Koma mu 1994 sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kumapeto kwa zaka zomwezo malo ophunzirirapo a MCDE anasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Ophunzira achuluka, koma maofesi sanachuluke pamlingo womwewo. Boma lenilenilo linavomereza vutoli mu 2018 pamene linayambitsa ndondomeko yotenga achinyamata a madigiri kuti azikazolowera ntchito m'maunduna kwa kanthawi, polandira kangachepe. Aphunzitsi a pulayimale ndi anamwino otsiriza maphunziro akhala akudikira zaka asanalembedwe ntchito, ndipo ena mwa owerenga tsamba lino anadikirapo okha.

Tsono tiyeni tiyang'ane dera la Mfumu Masumbankhunda ndi madera oyandikana nalo, tione ntchito zimene zilipo ndi amene akuzigwira. Madzi amene mzinda wa Lilongwe umamwa amasungidwa ku Malingunde, m'madamu awiri a pa mtsinje wa Lilongwe umene umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Damu loyamba la Kamuzu linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989, ndipo onse awiri anadzakwezedwa pambuyo pake kuti azisunga madzi ochuluka. Pa ntchito yotere pamafunika mainjiniya a digiri oti ayeze nthaka, awerengere kulemera kwa madzi ndi kujambula mapulani, ndipo popanda iwo khoma silingaime. Koma injiniya mmodzi amayenda ndi gulu la anthu: opinda ndi kumanga zitsulo, okhoma matabwa othiramo konkire, owotcherera, oyendetsa ndi kukonza makina okumba, olumikiza mapaipi, ndi amagetsi. Funso limene afumu ndi makhansala ayenera kudzifunsa ndi lakuti, pa nthawi imene damu linkakwezedwa, ana a m'midzi yozungulira analembedwa ntchito yanji? Kawirikawiri pa ntchito zazikulu zotere mwana wa pamalopo amapatsidwa wilibala ndi fosholo, kapena ulonda wa usiku, pamene ntchito za luso zimapita kwa obwera amene ali ndi mapepala.

Nkhani yomweyi ikhoza kubwerezedwa pa mlingo waukulu. Pansi pa minda ya ku Malingunde pali mwala wa graphite, uja umene umakhala m'kati mwa pensulo, umenenso masiku ano ukufunidwa kwambiri popanga mabatire a galimoto zoyendera magetsi. Kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia ndiyo inafufuza mwalawu, nitulutsa zotsatira za kafukufuku wake mu 2018, ndipo mu 2023 ntchitoyo inaperekedwa ku kampani ya NGX. Ubwino wa mwala wa kuno ndi wakuti uli m'dothi lofewa losafuna kuphulitsa. Mgodi wotere umafuna akatswiri ochepa a za miyala ndi a za mankhwala, koma tsiku ndi tsiku umayenda ndi amakaniki a makina akuluakulu, amagetsi, owotcherera ndi oyendetsa zigalimoto zonyamula dothi. Kuphunzitsa mmisiri wotere kuti afike podaliridwa kumatenga zaka zitatu kapena zinayi. Ngati tidzayambe kuganiza za maphunzirowa tsiku limene makina adzafike, eni nthaka adzapatsidwa chipukutamisozi cha minda yawo, ndalamazo zidzatha, ndipo ana awo adzakhala kunja kwa mpanda akugulitsa mandasi kwa amisiri ochokera kwina.

Sikuti ntchito za luso zili m'madamu ndi m'migodi mokha. Munthu akayenda pa msika wa Mitundu tsiku la msika, kapena akaima pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, amaona zitseko ndi mafelemu a mawindo azitsulo zitayedzamitsidwa pakhoma, ngolo zikukonzedwa, zidebe ndi mbaula zikusulidwa, njinga zamoto zitapasulidwa, ndi achinyamata akutsegula mafoni ndi timasikuludiraiva tating'ono. Zaka 20 zapitazo ntchito zina mwa izi kunalibe. Njinga zamoto za kabaza zabweretsa umakaniki watsopano m'midzi. Magetsi a dzuwa, amene afika m'nyumba zambiri ndi m'madimba momwe akupopa madzi othirira, akufuna munthu wodziwa kulumikiza mawaya molondola, pakuti batire lolumikizidwa molakwa limafa miyezi yochepa ndipo mwini wake amataya ndalama ya fodya wa chaka chonse. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za Boma ndi zomanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, kotero mmisiri amene anazolowera njerwa za uvuni ayenera kuphunzira kuumba ndi kuyala mabuloko a simenti. Mijigo ya mtundu wa Afridev imene ili m'midzi mwathu, imenenso chiyambi chake chinali m'dziko lomwe lino, kuchigwa cha Livulezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inapangidwa dala kuti izikonzedwa ndi anthu a pamudzi. Komabe mijigo yambiri imakhala yakufa miyezi, amayi n'kumatunga kudambo, chifukwa chosowa munthu wodziwa kusintha kampira kamodzi.

Apa tisanamizane. Pali chizolowezi pakati pa anthu ovala tayi choyamikira ntchito zamanja ngati kuti aliyense wogwira sowo amalemera. Mmisiri wa kumudzi ali ndi mavuto ake olemera. Mnyamata amatuluka kusukulu ndi satifiketi koma alibe bokosi la zipangizo, ndipo mtengo wa makina owotcherera kapena osokera unakwera kwambiri kwacha itagwetsedwa mphamvu mu 2022 ndi mu 2023. Akapeza makinawo, magetsi amazima pamene ntchito ili pakati. Akatsiriza ntchito, mwini katundu amati adzalipira akagulitsa fodya, ndipo pakakhala chibale ndalamayo imathera m'malonjezo. Kalipentala akusowa matabwa chifukwa mitengo yatha, moti nkhalango ya Dzalanyama inafika poyang'aniridwa ndi asilikali kuyambira mu 2015 kaamba ka ootcha makala. Ntchito ya kumanga imadya msana, kuwotcherera popanda galasi loyenera kumawononga maso, ndipo mmisiri wodzilemba yekha alibe penshoni. Mphunzitsi wolangiza mwana ayenera kumuuza zonsezi, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mkuyuwo ukhoza kukhala digiri, ukhozanso kukhala shopu ya m'mbali mwa msewu.

Digiri nayo ili ndi mphamvu imene sitiyenera kuichepetsa. Chipatala cha Mitundu sichingayende ndi akalipentala, ndipo mbewu zopirira chilala sizituluka m'shopu yowotcherera. Dziko likusowa madokotala, aphunzitsi a masamu ndi sayansi, madokotala a ziweto ndi mainjiniya a ulimi wothirira, ndipo ena mwa amenewa amaphunzitsidwa pa Bunda, pamtunda woti mwana wa ku Mitundu akhoza kupalasa njinga. M'Boma munthu wa digiri amayambira pa giredi I pamene wa dipuloma amayambira pa K, ndipo kusiyana kumeneko kumamutsatira munthu mpaka popuma. Mwana amene mutu wake ukugwira bwino masamu ndi sayansi, amene wapeza mapointi ochepa, kumubweza kuti akaphunzire kusoka chifukwa chakuti kwawo ndi osauka ndi kulakwira mwanayo ndi dziko lomwe. Kuyambira mu 2015 kuli bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite, ndipo ndi udindo wa mphunzitsi wamkulu kuonetsetsa kuti mwana wotere wadziwa za ngongoleyo, wadzaza mafomu, ndipo wamvetsa kuti ndi ngongole yodzabweza.

Amene tikumudandaula kwambiri ndi mwana wa pakati, uja wakhoza MSCE koma osasankhidwa. Makolo ake, pofuna kuti nawonso azitchedwa makolo a mwana wa ku yunivesite, amagulitsa munda ndi kumulembetsa ku koleji ina iliyonse imene yalengezedwa pa wailesi. Makoleji ena amene si a Boma ndi abwino ndithu, koma ena amaphunzitsa maphunziro osavomerezedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira zimenezi. Pakatha zaka zinayi mwanayo amabwera ndi pepala limene olemba ntchito salilabadira, munda unapita, ndipo azing'ono ake anasiyira sukulu panjira chifukwa ndalama zonse zinathera pa iye. Safunsa anadya phula. Mndandanda wa makoleji ndi maphunziro ovomerezedwa umafalitsidwa, ndipo sipayenera kupezeka ofesi ya mphunzitsi wamkulu kapena ya mlangizi wa maphunziro yopanda mndandanda umenewo.

Nanga njira ya ntchito zamanja imayenda bwanji? Aphunzitsi ambiri saidziwa bwino, pakuti iwo eni anadzera njira ya buku. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja othandizidwa ndi Boma ndi a Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo awiri oyambawo ali m'boma lomwe lino la Lilongwe. Mumzinda mulinso sukulu ya Don Bosco ku Area 23. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndilo limayang'anira maphunzirowa, ndipo limayendera ndalama zimene olemba anthu ntchito amapereka, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Wophunzira amagawa nthawi yake pakati pa kalasi ndi kumalo a ntchito, ndipo amakwera masatifiketi mwa magawo. Mu 2015 Boma linayambitsa makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo ena mwa iwo anatsegulidwa pa malo akale a Malawi Young Pioneers amene anakhala osagwiritsidwa ntchito bungwelo litathetsedwa pambuyo pa 1993. Tinene pano kuti malo m'makoleji amenewanso ndi ochepa ndipo amalimbiranidwa. Mwana amene anataya masamu ku Fomu 2 poganiza kuti mmisiri safuna masamu adzadabwa, popeza denga silikhomedwa popanda kuwerengera ngodya, ndipo wamagetsi wosadziwa kuwerengera mphamvu ya waya amatentha nyumba.

Amisiri ochuluka a m'midzi mwathu sanapondeko ku koleji. Anaphunzira kwa amalume awo kapena kwa mmisiri wa pa msika, kuyambira pa kupatsira sipanala ndi kusakaniza matope. Njira imeneyi yalera mabanja ambiri ndipo si yonyozeka, koma ili ndi malire: wophunzira amatengera luso la mphunzitsi wake pamodzi ndi zolakwa zake zomwe, ndipo pomaliza alibe pepala loonetsa kwa kontilakita. Kale mayeso a Trade Test, a giredi 3, 2 ndi 1, ndiwo ankapatsa munthu wotere mwayi wotsimikizira luso lake. Lero kuli ndondomeko yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa munthu amene anaphunzira ali pa ntchito. Alangizi a chitukuko cha m'madera akadalemba mayina a amisiri onse a pa Malingunde, Mitundu ndi Nathenje, ndi kuwathandiza kukayesedwa, akadachita chinthu chooneka kuposa misonkhano yambiri imene imathera pa kugawana ndalama za nkhomaliro. Pepala limeneli limathandizanso amene amapita kunja. Kuyambira masiku a Wenela, amene anaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, kufikira lero pamene mabasi amadzaza kupita ku Johannesburg, Mmalawi wopanda luso amakathera m'munda wa maluwa wa mzungu kapena m'khitchini, pamene womanga ndi wowotcherera wodziwa ntchito amakhala ndi poyambira pokambirana malipiro.

Maiko ena olemera sachita manyazi ndi njira imeneyi. Ku Germany mnyamata kapena mtsikana amalembedwa ndi kampani ngati wophunzira ntchito kwa zaka zitatu kapena kuposerapo pang'ono, masiku ena ali ku fakitale, masiku ena ali m'kalasi, akulandira malipiro. Ku Switzerland achinyamata awiri mwa atatu alionse amadzera njira yotere. Koma tisathamangire kutengera, chifukwa kumeneko kuli mafakitale ambiri olandira ophunzira, pamene kuno mwana amayendayenda miyezi kufunafuna malo oti akayeserere ntchito. Chimene tingatengeko ndi chakuti kumeneko makwerero sathera panjira: mmisiri akhoza kupitiriza maphunziro mpaka kukhala injiniya. Kunonso khomo limenelo lilipo, ngakhale ndi lopapatiza. Wa satifiketi akhoza kufika pa dipuloma, ndipo wa dipuloma amene wagwirako ntchito akhoza kulowa ku yunivesite ngati wophunzira wachikulire, kapena kuphunzira ali kwawo m'ndondomeko za maphunziro a patali zimene LUANAR ndi Mzuzu University zimayendetsa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anayamba ndi zitsulo zotola ndi dainamo ya njinga pamene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo anadzalandira digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Nkhani yake ndi yapadera ndipo sitinganene kuti mwana aliyense adzatero, koma ikuonetsa kuti manja ndi mutu sizilimbana.

Tsopano tibwere kwa inu aphunzitsi. Mwana amaphunzira kunyoza ntchito zamanja pa sukulu pomwepo. Akachedwa, mumampatsa chitsa kuti azule. Akachita phokoso, mumamuuza akumbe dzenje la zinyalala kapena atchetche bwalo. Pofika Sitandade 8 amakhala atamvetsa kuti khasu, fosholo ndi chikwakwa ndi zida za chilango, ndipo kuti mphotho ya mwana wabwino ndi kukhala pamthunzi. Ndiye pali mawu aja amene amatuluka mphunzitsi akapsa mtima: "Iwe ukapitiriza chonchi udzakhala womanga nyumba za anzako." Mphunzitsi yemweyo akamamanga nyumba yake yodzapumiramo amakhala akuchonderera mmisiri kuti amuchotsereko mtengo. M'sekondale zambiri zoyendera mulibe chipinda chophunzitsiramo za matabwa, za zitsulo kapena zojambula mapulani, ndipo zimenezo si mlandu wa mphunzitsi. Koma kuitana mmisiri wodziwika wa pa msika kuti adzalankhule ndi ana a Fomu 3, afotokoze mmene anayambira, zimene amapeza ndi zimene zimamuvuta, sikufuna ndalama ya ku likulu. Pa masiku olangiza ana za ntchito timaona namwino, wapolisi ndi wa ku banki, koma wamagetsi ndi pulambala saitanidwa.

Atsikana tawatsekera pakona yopapatiza koposa. Mtsikana akalephera kupita ku yunivesite, aliyense amangoti akaphunzire kusoka kapena kukonza tsitsi, mpaka matelala achuluka pa khonde lililonse la sitolo, onse akulimbirana mayunifolomu a sukulu imodzi. Palibe chimene chimaletsa mtsikana kuphunzira zamagetsi, zamapaipi kapena kukonza mafiriji, ntchito zimene zimafuna kudekha ndi maso akuthwa kuposa mphamvu za mapewa. Chimodzimodzinso ana osaona amene amaphunzira pa sukulu ya ku Malingunde: kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti tsogolo lawo ndi kuluka mphasa ndi madengu basi, chonsecho ena mwa ana otere, atapatsidwa mabuku a zilembo zawo, afika pokhala aphunzitsi ndi omaliza maphunziro a ukachenjede. Ulangizi wabwino umayamba ndi kumuyang'ana mwanayo payekha, zimene amakhoza ndi zimene amakonda, tisanayang'ane kuti ndi wamkazi, ndi wolumala, kapena ndi mwana wa yani.

Kwa inu akuluakulu a m'maofesi, mlandu wanu ndi wina. Munthu wa kumudzi si wopusa. Akamva bwana akulalikira pa msonkhano kuti achinyamata aphunzire ntchito zamanja adzilembe okha ntchito, amafunsa mumtima kuti ana a bwanayo ali kuti, ndipo yankho amalidziwa. Ulangizi umene umaperekedwa kwa mwana wa mnzako wokha sumveka. Chimene chingasinthe maganizo a makolo ndi kuona mmisiri wa m'mudzi mwawo akupeza bwino, ndipo pamenepo Boma lili ndi mphamvu, popeza ndilo wogula wamkulu m'dera lililonse. Madesiki a sukulu, midadada ya makalasi, nyumba za aphunzitsi, zimbudzi za pa msika ndi milatho ing'onoing'ono yomangidwa ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zonsezi ndi ntchito za amisiri. Madesiki akamabwera pa lole kuchokera mumzinda pamene akalipentala a pa Mitundu akuwodzera m'mashopu awo, ana a sukulu amaona ndipo amaphunzirapo kanthu. Mmisiri wamng'ono akagwira ntchito ya khonsolo n'kudikira malipiro miyezi isanu ndi umodzi, mpamba wake umatha, anyamata amene amawaphunzitsa amabalalika, ndipo chaka chotsatira shopuyo imasanduka malo oonetsera mpira. Kalaliki amene wakhalira fayilo ya malipiroyo mwina sadziwa kuti watseka sukulu.

Palinso kanthu kakang'ono kamene kamatayitsa ana ambiri mwayi. Zidziwitso zoitana ofuna malo m'makoleji a ntchito zamanja zimatuluka m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo nthawi yolembera imakhala yochepa. Nyuzipepala sifika m'midzi ya kuseri kwa damu, ndipo mwana amene anatsiriza Fomu 4 chaka chatha sabweranso pa sukulu, kotero amamva za mwayiwo tsiku lotsekera litadutsa. Mphunzitsi wamkulu ali ndi mayina a ana onse amene analemba mayeso pa sukulu yake, ndi midzi imene amachokera. Chidziwitso chikatuluka, achikhome pa bolodi la sukulu, atumize china kwa anyakwawa, ku tchalitchi ndi ku mzikiti, ndipo apatule tsiku limodzi loti anawo abwere ndi masatifiketi awo adzathandizidwe kudzaza mafomu.